Kwa Aphungu ndi Maseneta a ku Washington: Ana Athu Sakudana ndi Imvi Zanu

Olemekezeka aphungu ndi maseneta a dziko la America,

Ndine nzika ya dziko lino, ngakhale mchombo wanga unatsala ku Malawi. Ndimakhala m'chigawo cha Indiana, ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, ndimakhoma msonkho ndipo ndimavota. Ndinalembapo kalata ya m'Chingerezi ku ofesi ya mmodzi wa inu. Anandithokoza chifukwa cha maganizo anga, kenako pafoni panga panayamba kugwa mauthenga opempha ndalama za kampeni. Ndiye ino ndailemba m'chinenero changa, kuti ngati inu simuiwerenga aiwerenge abale anga amene tili nawo kuno, ndi a kumudzi amene amamva za America pa wailesi n'kumayesa kuti kuno zonse zili m'chimake.

Mu 1964, anthu 77 mwa 100 aliwonse ankati amakhulupirira kuti boma la ku Washington limachita zoyenera nthawi zambiri. Mu 2023 bungwe la Pew litafunsa funso lomwelo, anatsala 16. A Gallup atafunsa mu 2022 za anthu amene amadalira kwambiri nyumba yanu ya Congress, anapeza 7 mwa 100. Chonsecho pafupifupi chisankho chilichonse aphungu oposa 90 mwa 100 amene aimanso amabwerera pamipando yawo. Anthu akudandaula nanu, koma simuchoka, ndipo chifukwa chake mukuchidziwa bwino kuposa ine.

Ambiri akafika pamenepa amathamangira ku zaka zanu, ndipo ali ndi pogwira. Theka la anthu a m'dziko muno sanakwane zaka 40, pamene theka la maseneta anadutsa 64. A Biden anatuluka m'White House ali ndi zaka 82, a Trump analumbira ali ndi 78. A Chuck Grassley a ku Iowa anabadwa mu 1933, analowa m'Senate mu 1981, ndipo nthawi yawo ino ikutha mu January 2029 ali ndi zaka 95. Mayi Dianne Feinstein anamwalira ali pampando mu 2023 ali ndi zaka 90, chaka chomwe anakhala miyezi osaoneka ku ntchito, komiti yovomereza oweruza ikuwadikira. Kumapeto kwa 2024 kunamveka kuti mayi Kay Granger a ku Texas, amene anali asanaponye voti chiyambire July, ankakhala kunyumba yosamalirako okalamba. Ntchito yanga ndi yomweyo, ndiye sindingaseke munthu amene wayamba kuiwalaiwala. Mawa ndi ine. Amene ndimawada mtima ndi omuzungulira, odziwa zonse koma okhala chete kuti mpando usapite.

Mu December 2024 a chipani cha Democratic ankasankha wowatsogolera m'komiti yofufuza ntchito za boma. Anasiya mayi Alexandria Ocasio-Cortez a zaka 35 n'kusankha a Gerry Connolly a zaka 74, amene anali atalengeza kale kuti akudwala khansa. Inali nthawi yawo, amatero. A Connolly anamwalira pa 21 May 2025, phungu wachitatu wa chipanicho kumwalira chiyambire March. M'mawa mwake bilu yaikulu ya misonkho ndi yodula ndalama za chithandizo inadutsa ndi mavoti 215 kwa 214. Mbali inayo inalinso ndi ake amene sanavote, choncho mwina ikanadutsabe. Koma anthu a m'madera atatu analibe wowalankhulira m'mawa umenewo.

Komatu vuto likanakhala imvi, bwenzi achinyamata sakudzaza mabwalo a misonkhano ya a Bernie Sanders. Bambo amenewa anabadwa mu 1941. Mu 2016, akufuna upulezidenti ali ndi zaka 74, ana a sukulu ndiwo ankawagogodera makomo, ndipo nambala imene ankaifuula pamisonkhano inali 27, madola amene wopereka mmodzi ankapereka mukawerengera pakatikati. Mukhoza kudana ndi mfundo zawo zonse, koma chimene anawo ankatsata n'choonekeratu: ankadziwa amene akumulipira munthuyu. Ife kwathu tinaleredwa kuti mawu a akulu akoma akagonera, ndipo ana anga ndinawalera chimodzimodzi. Sindinabwere kudzakunyadirani za kwathu, kumene mu 2025 tinabwezera pampando mtsogoleri wa zaka 85. Ndikungoti funso la ana athu si lakuti munabadwa liti. Akufunsa kuti mukumvera ndani.

Taonani tsiku la phungu mmene limayendera. Mu 2013 kunatuluka pepala limene a Democratic ankalangizira aphungu awo atsopano: maola anayi patsiku kuimba mafoni opempha ndalama, maola awiri a ntchito za m'makomiti ndi zokambirana m'nyumba ya malamulo. Mbali inayo n'chimodzimodzi. A David Jolly, phungu wa Republican wa ku Florida, ananena pa TV mu 2016 kuti atangofika anauzidwa kuti ntchito yawo yoyamba ndi kupeza madola 18,000 tsiku lililonse. Popeza lamulo silikulolani kupempha ndalama muli mu ofesi ya boma, mumatuluka, n'kukakhala m'tizipinda ta ku likulu la chipani, foni kukhutu. Simuimbira wotsuka mbale mu lesitilanti kapena woyendetsa basi ya ana a sukulu. Mumaimbira amene angalembe cheke cha masauzande osayang'ana kaye mu akaunti. Munthu akamamva madandaulo a anthu a mtundu umodzi maola anayi patsiku kwa zaka makumi awiri, amayamba kukhulupirira kuti amenewo ndiwo mavuto a dziko. Sachita kugulidwa ayi, amangozolowera.

Ndipo foni imene imayankhidwa msanga ndi ya wokhalitsa. Ali ndi mpando m'komiti yamphamvu, makampani anaikapo kale ndalama zambiri pa iye, safuna kuyambiranso ndi mlendo. Wachinyamata ayambire pati? A Maxwell Frost a ku Florida anapambana mu 2022 ali ndi zaka 25, woyamba wa m'badwo wawo kulowa m'Congress. Atafika ku Washington anawakaniza nyumba ya lendi chifukwa cha ngongole zimene anadziunjikira pa kampeni, atasiya ntchito n'kumayendetsa Uber kuti apeze chakudya. Amenewa ndi amene anapambana. Amene anagwera m'njira sitiwadziwa n'komwe. Ukalamba wa nyumba yanu sunabwere chifukwa chakuti ovota amakonda agogo. Ndalama ndizo zikusunga mipando.

Mukati ndalamazo sizigula kanthu, ndikukumbutseni za usiku wa pa 22 November 2003. Ena a inu munalimo. Nyumba ya aphungu inkavotera bilu yakuti Medicare, inshulansi ya boma ya okalamba, iyambe kulipirira mankhwala. Cholinga chinali chabwino, ndipo anthu amene ndimawasamalira akupindula nacho mpaka lero. Koma mkati mwake munali ndime yoletsa boma kukambirana mitengo ndi makampani opanga mankhwala. Wogula wamkulu kuposa onse m'dziko muno lamulo linamuuza kuti asamanenerere, pamene nthambi yoona za asilikali opuma imanenerera ndipo imagula motchipa.

Kuvota kunayamba 3 koloko usiku. Mwachizolowezi kumatenga mphindi 15. Tsiku limenelo atsogoleri, poona kuti bilu ikugwa, anakana kutseka. Anazungulira mpando ndi mpando kwa maola pafupifupi atatu, mpaka kutatsala pang'ono kuti ikwane 6 koloko, pamene mavoti anatembenuka n'kukhala 220 kwa 215. Chaka chotsatira komiti yanu yoona za makhalidwe inadzudzula a Tom DeLay, mtsogoleri wa aphungu a Republican, chifukwa cholonjeza phungu wina wa ku Michigan kuti akavomera biluyo adzaikira kumbuyo mwana wake pa chisankho. Katswiri wowerengera ndalama za Medicare, a Richard Foster, anali atapeza kuti lamulolo lidzadya zambiri kuposa madola 400 biliyoni amene aphungu anauzidwa, ndipo bwana wawo anawaopseza kuti akaulula ntchito iwathera. Bwanayo, a Thomas Scully, lamulo litangosainidwa anatuluka m'boma n'kukalowa kampani ya maloya yoimira makampani a zaumoyo. A Billy Tauzin a ku Louisiana, wapampando wa komiti amene anaikankha biluyo, mu 2005 anakakhala mkulu wa PhRMA, bungwe la makampani a mankhwala, pa malipiro amene manyuzipepala anati anali pafupifupi madola 2 miliyoni pachaka.

A Democratic musamwetulire. Mu 2008 a Obama anatulutsa kanema wa kampeni wodzudzula a Tauzin mowatchula dzina. Mu 2009 White House yawo inakhala pansi ndi a Tauzin omwewo n'kumvana: makampani athandize kuti lamulo latsopano la zaumoyo lidutse, ndipo zonenerera mitengo zisakhalemo. Chiletso chija chinadzasunthika mu 2022, patatha zaka 19, ndipo poyambira anangosankha mankhwala khumi, mitengo yake yatsopano n'kuiika kuti iyambe mu 2026.

Zaka 19 n'zambiri kwa wodwala shuga. Amene anatulukira insulin ku Toronto anagulitsa umwini wake ku yunivesite pa dola imodzi aliyense, pofuna kuti odwala aziipeza. Ku America kabotolo kamodzi kanafika pafupi ndi madola 300. Mu June 2017 mnyamata wa ku Minnesota, Alec Smith, anapezeka atafa m'nyumba yake pasanathe mwezi chichokereni pa inshulansi ya mayi ake, poti lamulo limalola mwana kukhalapo mpaka zaka 26 basi. Sanali lova, anali manijala wa lesitilanti. Koma insulin ndi zipangizo zake zinkafuna madola pafupifupi 1,300 pamwezi, ndiye ankabaya mosinira kuti afike tsiku la malipiro. A ku Minnesota anakhazikitsa lamulo la dzina lake mu 2020. Inu mu August 2022 munaika malire a madola 35 pamwezi kwa okalamba a pa Medicare, zomwe n'zabwino, koma zakuti malirewo afikire anthu a pa inshulansi wamba zinapeza mavoti 57 m'Senate pamene pankafunika 60. Makampani atatu akuluakulu anadzatsitsa mitengo mu 2023, phokoso litakula. Anzake a mnyamata uja lero ali m'zaka za m'ma 30, ndipo akafunsidwa ngati amakhulupirira boma, inu mumadabwa ndi yankho lawo.

Mu 2024 makampani ndi mabungwe anawononga madola pafupifupi 4.4 biliyoni pa ma lobbyist, anthu olipidwa kuti azikunyengererani, ndipo izi ndi zolembetsedwa zokha malinga ndi a OpenSecrets. Olembetsa alipo oposa 12,000, inu mulipo 535, ndiye aliyense wa inu akumusaka anthu oposa 20. A mankhwala okha amadutsa madola 350 miliyoni pachaka. Sindikuti ntchitoyi ndi tchimo. Aphunzitsi ali nawo awo, anamwino ali nawo, okalamba ali ndi bungwe lawo la AARP. Koma inu munadzifoola nokha. Mu 1995 munatseka ofesi yanu ya akatswiri a sayansi, munachepetsa antchito a m'makomiti, ndipo ambiri amene akugwira ntchito m'maofesi mwanu ndi ana ongochoka kumene ku yunivesite, olipidwa pang'ono, odziwa kuti pa K Street, msewu wa maofesi a ma lobbyist, malipiro ndi owirikiza. Nanga bilu ikavuta amakulemberani ndani? Mu 2013 nyuzipepala ya New York Times inaonetsa kuti m'bilu ina yofewetsa malamulo a mabanki, mizere yoposa 70 mwa 85 inachokera ku zolemba za ma lobbyist a banki ya Citigroup. Itakakamira ku Senate, mu December 2014 inalowetsedwa m'bilu ya bajeti, imene kuikana kukanatanthauza kutseka boma. Apa n'kuti patangopita zaka zisanu ndi chimodzi chigwetsereni mabanki omwewo chuma cha dziko.

Chopweteka n'chakuti zambiri mwa izi n'zololedwa. Inde, nthawi zina mmodzi amagwidwa. A Bob Menendez, seneta wa ku New Jersey, anawapeza ndi golide komanso ndalama zoposa madola 480,000, zina zobisa m'majekete ndi m'nsapato, ndipo mu January 2025 anawagamula zaka 11 kundende. Koma iwo anangochita mwachimbulimbuli zimene ochenjera amachita ndi malisiti. Kuno ku Indiana, tauni ya Portage itagula magalimoto otaya zinyalala a madola oposa 1 miliyoni, meya wake, a James Snyder, analandira cheke cha madola 13,000 kuchokera ku kampani yogulitsayo. Iwo ankati anali malipiro a upangiri. Mu June 2024 Supreme Court inagamula kuti lamulo lanu lokhudza akuluakulu a m'zigawo ndi m'matauni limaletsa chiphuphu chogwirizana ntchito isanachitike, osati zikomo wobwera pambuyo, ndipo oweruza anati ngati Congress ikufuna zina ikhoza kulisintha. Kupatsa n'kuika, ndipo wopereka pambuyo amakhala akuikiratu za kontirakiti yotsatira. Miyezi iwiri chigamulochi chisanaperekedwe, boma lanu linaletsa akuluakulu anayi akale a boma la Malawi kuponda m'dziko muno chifukwa cha ziphuphu za pa makontirakiti. Sindikuwaikira kumbuyo. Ndingofuna kudziwa kuti akanalandira pambuyo n'kulemba lisiti mukanawatcha chiyani.

Chigamulo cha Supreme Court pa mlandu wa Citizens United cha mu January 2010, oweruza asanu kwa anayi, ndicho chinachotsa malire a ndalama zimene makampani ndi mabungwe angathire pa chisankho, bola asapereke m'manja mwa woimira. Chisankho cha 2020 chinadya madola oposa 14 biliyoni. Mu 2024 a Elon Musk okha anaika oposa 250 miliyoni kumbali ya a Trump. Mayi Kamala Harris anasonkhanitsa oposa 1 biliyoni m'miyezi itatu, ndipo gulu lalikulu lowathandiza linalandira mamiliyoni ankhaninkhani kuchokera ku nthambi yake imene siulula opereka. Makampani a crypto, ndalama za pa intaneti, anathira madola pafupifupi 40 miliyoni ku Ohio pofuna kugwetsa a Sherrod Brown, wapampando wa komiti ya mabanki amene ankawakayikira. Anagwadi. Otsalanu munamva, ndipo mu July 2025 lamulo limene makampaniwo ankafuna linasainidwa, a zipani zonse atalivomera. Malipiro otsikitsitsa a wantchito, madola 7.25 pa ola, munawakweza komaliza mu 2009.

Ndiye pali masheya. Mumamva zinsinsi za boma m'zipinda zotseka, mumalemba malamulo okhudza makampani, kenako mumagula ndi kugulitsa masheya a makampani omwewo. Pa 13 February 2020, anthu akuuzidwa kuti asade nkhawa ndi Covid, a Richard Burr, wapampando wa komiti yoona za ukazitape, anagulitsa masheya ofika madola 1.7 miliyoni. Patangotha sabata misika inayamba kugwa. Anafufuzidwa, sanaimbidwe mlandu. Mayi Nancy Pelosi atafunsidwa mu 2021 ngati aphungu ayenera kuletsedwa, anati chuma cha dziko lino n'cha msika womasuka ndipo aphungu nawo azichita nawo. Lamulo la 2012 limangoti muulule pasanathe masiku 45, wochedwa alipire madola 200. Ine ku ntchito kwanga nditalandira kandalama ka m'manja kuchokera kwa agogo amene ndikuwasamalira, ntchito ingandithere tsiku lomwelo, ndipo lamulo limenelo ndimaliona kuti n'loyenera.

Tsopano yang'anani mwana wobadwa cha m'ma 2000. Anaphunzira kubisala m'kalasi poopa wamfuti asanadziwe masamu ochulukitsa. Ana 20 ataphedwa pa sukulu ya Sandy Hook mu 2012, bilu yongofuna kuti mbiri ya ogula mfuti izifufuzidwa inapeza mavoti 54 m'Senate n'kugwa. Anauzidwa kuti apite ku koleji, ndipo lero anthu oposa 40 miliyoni ali ndi ngongole za sukulu zodutsa madola 1.6 thililiyoni. Ngongole zambiri munthu akagweratu khoti limatha kumuchotsera, koma ya sukulu n'njovuta zedi, ndipo lamulo la 2005 limene mabanki analimenyera zaka zambiri, a Biden akulivomera ali seneta, linaika m'gulu lomwelo ngongole za sukulu zotengedwa kumabanki. Nthawi ya Covid boma linabwereketsa mabizinesi madola pafupifupi 800 biliyoni n'kukhululuka pafupifupi zonse, kuphatikizapo za mabizinesi a ena a inu. Itafika nkhani yokhululukira wophunzira madola 10,000, ena mwa omwewo anaimirira n'kumati ngongole ndi ngongole. Chakomera mbuzi kugunda galu.

Wogula nyumba koyamba m'zaka za m'ma 1980 ankakhala asanakwane zaka 30. Mu 2024 anali wa zaka 38. Ngongole ya dziko, imene inadutsa madola 38 thililiyoni mu 2025, adzabweza ndi mwana yemweyu, pamene thumba la penshoni la Social Security limene akudulidwira mwezi ndi mwezi likuyembekezeka kuperewera cha m'ma 2033. Wolandira madola 50,000 pachaka amadulidwa pa dola iliyonse, koma wolandira mamiliyoni mu 2025 ankasiya kudulidwa akadutsa madola 176,100.

Yankho lanu ndikulidziwa: achinyamata savota. Mbali ina n'zoona. Ngakhale mu 2020, chaka chimene anatuluka ambiri, anavota pafupifupi theka, pamene opitirira zaka 65 anaposa 70 mwa 100. Ana anga ndimawakalipira pa nkhani imeneyi. Iwo amandiyankha ndi kafukufuku wa 2014 wa a Martin Gilens ndi a Benjamin Page, amene anasanthula nkhani 1,779 za pakati pa 1981 ndi 2002, n'kupeza kuti zofuna za olemera ndi za mabungwe a mabizinesi ndizo zimasonyeza chimene chidutse, pamene zofuna za munthu wamba pazokha sizisuntha kanthu kwenikweni. Akatswiri ena anatsutsa, amati nthawi zambiri olemera ndi apakatikati amafuna zofanana. Chabwino. Koma insulin, ngongole za sukulu ndi msonkho wa penshoni ndi nkhani zimene amasiyana, ndipo pamenepo tikudziwa amene amapambana.

Chimene ndikukana n'chakuti mdani wa mwana wanga ndi agogo amene ndimawasambitsa m'mawa. Pa intaneti mibadwo ikutukwanana, awa akuti munadya zonse n'kutisiyira ngongole, awo akuti ndinu aulesi ongodziwa kudandaula. Okalamba ambiri amene ndimawaona anagulitsa nyumba, ndalama zinatha, tsopano akudalira Medicaid, inshulansi ya boma ya osauka, monga alili anthu 6 mwa 10 a m'nyumba zosamalirako okalamba m'dziko muno. Bilu ija ya mavoti 215 kwa 214 inakhala lamulo pa 4 July 2025, ndipo ikudula madola oposa 900 biliyoni ku Medicaid pa zaka khumi, uku ikupitiriza kuchepetsa misonkho kumene opindula kwambiri ndi apamwamba. Agogo ndi mdzukulu onse akulira. Akamalozana zala okhaokha, inu mumapuma.

Kusakhulupiriraku sikuthera m'mapepala a kafukufuku. Pa 6 January 2021 munabisala pansi pa mipando gulu la anthu likuswa mawindo a nyumba yanu. Mu December 2024 mkulu wa kampani ya inshulansi ya zaumoyo atawomberedwa mumsewu ku New York, ndinachita nthumanzi kuona unyinji wa achinyamata akusekerera pa intaneti. Kupha munthu kulibe chifukwa chomveka. Koma anthu akasiya kukhulupirira kuti voti imasintha kanthu sangokhala pansi n'kugona, ena amayamba kumvera aliyense wolonjeza kugumula zonse.

Mu 2023 a Pew anapeza kuti anthu 87 mwa 100 amafuna malire a nthawi imene phungu angakhale pampando, ndipo 79 amafuna malire a zaka zobadwa. A ku North Dakota mu 2024 anavomereza kale zakuti munthu asaime ngati adzafike zaka 81 ali pampando. Ine sindiikapo mtima kwambiri pa zimenezi. Mukachotsa okhalitsa n'kusiya ndalama mmene zilili, mudzadzaza nyumba ndi alendo osadziwa njira, ndipo amene adzawalondolera ndi ma lobbyist omwewo, amene nthawi yawo ilibe malire. Amene mwatopa pumani, monga analengezera a McConnell, a Durbin ndi mayi Pelosi mu 2025, koma zopempha zanga zili pa ndalama.

Lekani kugula ndi kugulitsa masheya a makampani, inu ndi akunyumba kwanu, nthawi yonse imene muli pampando. Lamulani kuti aliyense wothira ndalama zambiri pa chisankho adziwike ndi dzina. Apa musanamizire khoti, chifukwa m'chigamulo chomwecho cha Citizens United oweruza asanu ndi atatu anavomereza zoulula opereka. Bilu yake inagwa m'Senate mu 2010 itapeza mavoti 59. Talikitsani nthawi yodikira munthu asanakakhale lobbyist, imene pano ndi chaka chimodzi kwa phungu ndi ziwiri kwa seneta, ndipo mutseke njira imene anzanu amadutsira podzitcha alangizi kuti asalembetse. Kenako kulitsani mawu a wopereka pang'ono. Ku New York City, pa dola iliyonse ya wopereka wamng'ono mzinda umawonjezera madola 8, ndipo pa chisankho cha umeya mu 2025 a Zohran Mamdani a zaka 34 anagonjetsa a Andrew Cuomo, amene gulu lowathandiza linasonkhanitsa madola oposa 20 miliyoni. Kaya mfundo zawo mumazikonda kaya ayi, njirayo ingathandizenso wachinyamata wa Republican wa kumidzi ya ku Indiana amene alibe mnzake wolemera.

Zonsezi sizifuna kusintha malamulo aakulu a dziko. Zikufuna mavoti 218 m'nyumba ya aphungu ndi 60 m'Senate. Yambani ndi ya masheya, yopanda ndime zobisika, ndipo muivotere masana, mayina akulembedwa, kuti amene akane tiwadziwe chisankho chachipulula chisanafike.

Ine wovota wanu,
Wosamalira okalamba wa ku Indiana